Musanagule Mlongoti, Yambani Mwakwera Pachulu

Alimi anzathu a kwa Kabudula, ku Nsaru ndi ku Nambuma, makalabu ena akuganiza zosonkha ndalama za fodya kuti akoke intaneti yopanda mawaya kuchokera pamsika kukafika ku esiteti kapena ku shedi ya kalabu, kuti azimva msanga mitengo ya ku okushoni ku Kanengo. Ganizoli ndi labwino ndithu. Koma ndalama za fodya zimabwera kamodzi pachaka, tsono tamverani musanagule kanthu.

Ntchito yotere si yachilendo m'boma lathu lino. Mu 2013 bungwe la Baobab Health Trust lidaika makina olembera kaundula wa anthu m'mudzi wa Chalasa kwa Mfumu Mtema, kopanda magetsi a ESCOM. Makinawo ankayendera mphamvu ya dzuwa, ndipo pambuyo pake ntchitoyo idafalikira m'midzi 83. Tsono kusowa magetsi kusakudetseni nkhawa. Chimene chingakugwetseni ndi njira.

Kodi njirayo ndi yotani? Pamakhala timbale tiwiri, kena pamlongoti uku, kena uko, ndipo tiyenera kupenyana maso ndi maso. Phiri, chulu, denga la chigafa kapena mtengo zikakhala pakati, mau safika. Kuti muyese, wina akwere pamalo okwera kumene mufuna kuzika mlongoti, atenge kalilole nawalitsa dzuwa kuloza kwa mnzake amene ali mbali inayo. Mnzakeyo akapanda kuona kung'anima, funani malo ena. Musayese mu Okutobala, pamene utsi wa lupsa umaphimba dziko lonse.

Komatu kupenyana kokha sikukwanira. Mafunde a wailesi sayenda ngati ulusi. Amatupa pakati pa ulendo monga mimba ya dzungu. Pa mtunda wa makilomita 10, ndi makina a 5 GHz, pakati penipeni pafunika mpata wa mamita 7 pamwamba pa nsonga za mitengo, muonjezerepo ena awiri chifukwa dziko ndi lobulungira.

Apa m'pamene ife alimi a fodya timadzikola tokha. Bulugamu amene tidabzala kuti tipeze milimo ya zigafa amakula msanga, ndipo amene ali m'chiuno lero adzapitirira denga zaka zitatu zisanathe. Masamba onyowa ndi mvula amafooketsa mafundewo koposa. Nawo msangu uli ndi khalidwe lakelake, umayoyola masamba m'dzinja nuphukira m'chilimwe. Motero yenderani njirayo kawiri, mu Malichi ndi mu Ogasiti, ndipo mufunse mwini nkhalango iliyonse kuti adzadula liti.

Mlongoti wachitsulo umaitana mphenzi. Mmisiri aike waya wokhuthala wamkuwa wotsika mpaka pa chitsulo chokhomedwa m'nthaka, ndipo muone ndi maso anu kuti waikadi. Mabatire ndi masola zikhale pa nyumba yogona anthu, poti akuba amazikonda.

Inu matenanti, mukasonkha nawo ndalama, lemberanani kalata ndi eni esiteti yonena mwini wa makinawo ndi amene adzalipira pamwezi, chifukwa mwina chaka chamawa mudzakhala mutasamuka. Ngati mlongoti uzikidwa pa malo a mudzi, kapempheni kwa anyakwawa, mboni zilipo. Wogulitsa makina akuonetseni kuti ndi ololedwa ndi bungwe la MACRA, ndipo theka la malipiro ake alandire makinawo atagwira ntchito mwezi wathunthu wa mvula.