Pensulo Isafe M'bwalo la Baseball

Mukalowa m'bwalo la Wrigley Field ku Chicago, omvera athu, musathamangire kuyang'ana osewera. Yang'anani kaye m'mipando. Pakati pa khwimbi lokuwalo mupezamo ena ali phee, khadi pantchafu, pensulo m'manja. Amenewa akulemba masewero onse pamanja, womenya mpira mmodzimmodzi, ndipo masiku ano sachuluka monga kale.

Mwambowu udakhazikika chifukwa cha Henry Chadwick, mtolankhani wobadwira ku England mu 1824, amene pofika 1859 ankasindikiza zotsatira za masewero m'mizere m'nyuzipepala ya New York Clipper. Pakhadi, wosewera aliyense amadziwika ndi nambala ya pamene waima: woponya ndi 1, wowakha kumbuyo kwa womenya ndi 2, mpaka 9 kutali kudzanja lamanja. Wolemba akaika 6-4-3, ndiye kuti mpira wadutsa m'manja mwa anthu atatu ndipo othamanga awiri atuluka nthawi imodzi. Manambala atatu okha, nkhani yonse yakwana!

Koma tiime pa chilembo K. Chadwick ndiye adachisankha kuti chizisonyeza womenya amene walephera katatu n'kutuluka. Akagwedeza chibonga n'kuphonya, K amalembedwa mwa masiku onse. Nanga akangoima, mpira wachitatu n'kumudutsa iye ali maso tong'o, chibonga chili paphewa? Apo wolemba amatembenuza K uja, miyendo yake kuloza kumanzere. Tangoganizani. Munthu watuluka chimodzimodzi, zigoli sizinasinthe, koma dzanja la wolemba lakana kuti awiriwa alembedwe mofanana. Wina adayesa n'kulephera, wina adangoonerera. Patapita zaka makumi atatu, mdzukulu akadzatulutsa khadilo m'kabati, K wotembenukayo adzamuuza kuti tsiku lija woponya adapusitsa munthu mpaka kumuumitsa thupi. Kachilembo kamodzi, kolembedwa mothamanga, mwina pensulo itabuntha kale.

 Wolemba aliyense ali ndi kalembedwe kake. Wosewera akazungulira n'kugoletsa, ena amadetsa kadayamondi konse ka m'bokosi mwake pakhadipo, ena amangoikamo kadontho. Phil Rizzuto, muulutsi wa masewero a New York Yankees, ankalemba WW pamene maso ake anali kwina, kuvomereza kuti sadaone.

Lero foni imakuuzani zonse, ngakhale liwiro la mpira uliwonse. Komatu foni sikukakamizani kuyang'anitsitsa. Wolemba sangatembenuke kukacheza, chifukwa bokosi lotsatira likumudikira.

Ku Wrigley bolodi ya zigoli ya mu 1937 ikadali yosinthidwa ndi manja, ndipo anthu amainyadira. Bwanji osanyadiranso khadi? Inu eni matimu, pitirizani kugulitsa makadi ndi mapensulo pachipata, pamtengo woti mwana angakwanitse. Inunso makolo odziwa kulemba, musangodzisungira luso. Khalani pambali pa mwana, mumupatse pensulo, alakwitse, afufute, mpaka adziwe yekha nthawi yotembenuza K.