Zaka Zitatu Mutu Uli Gwa, Kenako Nyimbo Zinasefukira

Ali ndi zaka 23, Sergei Rachmaninoff anali atatchuka kale ku Russia ngati mnyamata wa zala zamphatso pa piyano. Mu Malichi 1897 anatengera nyimbo yake yaikulu, yoyamba ya mtundu wa simfoni, ku St Petersburg kuti anthu aimve. Anaimvadi, koma chimene chinalowa m'makutu mwawo ndi phokoso. Oimba sanakonzekere mokwanira, ndipo za wowatsogolera, Alexander Glazunov, mkazi wa Rachmaninoff anadzanena patapita zaka kuti mkuluyo anali atalawako. Mwini nyimbo anakabisala pamasitepe, zala zili m'makutu. Kenako wopenda nyimbo César Cui analemba m'nyuzipepala kuti nyimboyo inali ngati miliri ya ku Iguputo.

Kuyambira pamenepo mutu unauma gwa. Kwa zaka zitatu, kupatula tinyimbo tochepa, palibe chimene anapeka. Ankaphunzitsa piyano, ankatsogolera oimba pa kampani ya zisudzo zoimba ya Savva Mamontov ku Moscow, koma akakhala pansi ndi pepala loyera, pepalalo linkakhalabe loyera. Ku London anali atawalonjeza nyimbo yatsopano ya piyano, ndipo lonjezolo linkangomulemera.

Omufunira zabwino anaganiza kuti munthu wamkulu ndi amene angamulimbitse mtima, ndiye anamutumiza kwa Leo Tolstoy, mlembi wolemekezeka m'dziko lonselo. Anapita ndi mnzake woimba Fyodor Chaliapin, namuimbira nkhalambayo. Tolstoy atamvetsera anafunsa ngati alipo munthu amene amafuna nyimbo zoterezi. Mnyamata anabwerako atafookeratu. Ena mwa akuluakulu ndi abwino kuwawerenga m'buku basi.

Amene anamasula mfundo ndi dokotala wa ku Moscow, Nikolai Dahl, amenenso ankaimba zeze wachizungu pa nthawi yake yopuma. Kuyambira Januwale mpaka Epulo 1900, Rachmaninoff ankapita kwa iye tsiku ndi tsiku. Mankhwala ake ndi amene amandiseketsa, chifukwa agogo aliwonse akanatha kuwatchula. Dokotala anayambira pa tulo: munthuyu azigona usiku. Kenako chakudya: azimva njala ndi kudya. Kenako kucheza, nkhani za nyimbo pakati pa anthu awiri ozikonda, popanda wopereka malikisi. Pomaliza ankamukhazika pampando wawofuwofu, ndipo iye ali m'tulo tosagoneratu, ankamubwerezera mawu omwewo tsiku lililonse: kuti ayamba kulemba, kuti ntchito imuyendera mosavuta, kuti nyimboyo idzakhala yabwino. 

Ndikuona kuti apa ndi pamene pali nzeru. Munthu amene mutu waima amadziweruza asanalembe n'komwe, ndipo aliyense womufunsa kuti "zafika pati?" amangowonjezera oweruza. Dahl anachotsa bwalo lonse la milandu n'kusiya munthu wogona bwino, wokhuta, wokhala ndi kopita m'mawa uliwonse.

Nyengo yotentha ya chaka chomwecho Rachmaninoff anasintha mphepo, napita ku Italy ndi Chaliapin. Kumeneko nyimbo zinayamba kudontha, ndipo pobwerera kwawo zinali zikusefukira. Anachitanso kanthu kena koyenera kubedwa ndi mlembi aliyense, wojambula aliyense: sanayambire poyambira. Nyimbo yake yatsopano, Piano Concerto No. 2, ili ndi zigawo zitatu, ndipo iye analemba chachiwiri ndi chachitatu, kusiya choyamba. Mu Disembala 1900 anakaimba zigawo ziwirizo pagulu, nyimbo yopanda mutu, ndipo anthu anaomba m'manja. Mutuwo unabwera pambuyo, wolowa ndi kulira kwa piyano konga mabelu a tchalitchi.

Chakumapeto kwa 1901 nyimbo yonse inaimbidwa ku Moscow, mwiniwake ali pa piyano, msuweni wake Alexander Siloti akutsogolera oimba. Wa pa piyanoyo ndi munthu yemwe uja wa zala m'makutu! Pamwamba pa nyimboyo analembapo dzina la Dahl. Chaka chomwecho anatulutsanso nyimbo ya mapiyano awiri ndi ina ya piyano ndi zeze wamkulu, mu 1902 anakwatira Natalia Satina, ndipo mu 1904 nyimbo ija inamupezera mphotho ya Glinka.

Mwina mukuti simunaimvepo. Munaimva. Mu 1975 Eric Carmen wa ku America anatenga kayimbidwe ka chigawo chachiwiri chija n'kupangira "All by Myself", imene Celine Dion anadzaiimbanso mu 1996, n'kumveka pa mawayilesi dziko lonse. Carmen ankayesa kuti nyimbo yakale chonchi ilibenso mwini. A kubanja kwa Rachmaninoff anamukumbutsa kuti eni ake alipo, ndipo anavomera kumawapatsa gawo la ndalama zake.