Kodi Mumadziwa? Khadi la Graphics la Sipeya Kuno Kunyanja

Kompyuta ya pa desiki sinathe ntchito kuno kwathu. Kuchokera pa boma la Mangochi, kuoloka mlatho wa Bakili Muluzi, kudutsa Malindi ndi Lungwena mpaka ku Makanjira, makina amenewa ndiwo amabena nyimbo, kusindikiza zithunzi za pa ziphaso, kulemba makalata oitanira anthu ku ukwati ndi kudula mavidiyo a zinkhoswe. Koma tsiku limene sikirini yangoti bii, shopu yodalirika ili kutali. Msodzi wa boti la injini salowa panyanja opanda pulagi ya sipeya m'thumba, ndipo mwini kompyuta nayenso ali ndi kachipangizo kake koyenera kusunga. Nazi zina zokhudza khadi la graphics, chipangizo chimene chimatumiza zithunzi ku sikirini.

Kodi mumadziwa kuti mwina sipeya muli nayo kale, kungoti simunaione? Mapurosesa ambiri a Intel amabwera ndi mbali yojambula zithunzi mkati mwake momwemo. Khadi likafa, zimitsani makina, zulani pulagi kukhoma, chotsani khadilo, kenaka lumikizani waya wa sikirini pa bowo la pa motherboard. Kompyuta idzayaka ndipo kulemba, kusindikiza ndi kubena nyimbo kudzapitirira. Koma si onse ali ndi mwayi umenewu. Purosesa ya Intel imene dzina lake limathera ndi chilembo cha F, monga Core i5-12400F, ilibe mbali imeneyi. Chimodzimodzinso ma Ryzen ambiri akale a AMD, monga Ryzen 5 3600. Amene ali ndi G kumapeto, monga 5600G, ndiwo ali nayo. Ngati makina anu ali m'gulu losowalo, khadi likafa zonse zaima, ndipo nkhani ya sipeya ndi yanu kwenikweni.

Kodi mumadziwa kuti sikirini ikakana kuyaka, nthawi zambiri wolakwa si khadi? Timitengo ta RAM tikangosuntha pang'ono kapena tikachita litsiro, fani imazungulira bwinobwino koma pa sikirini sipaoneka kanthu. Tizuleni, pukutani mbali yagolide ija ndi labala yofufutira pensulo, tibwezereni mpaka timveke kuti "kha". Ena amalumikiza waya wa sikirini pa motherboard pamene khadi lili momwemo, n'kuyamba kulira maliro a chinthu chamoyo. Khadi limene likufadi limadziwika ndi mizere yodutsa pa chithunzi, timabokosi ta mitundumitundu, kapena kuzima mukangoyamba ntchito yolemera. Apa ndi pamene pali phindu lalikulu la sipeya: mumaika khadi linalo, ndipo m'mphindi zochepa mwadziwa ngati vuto linali khadi kapena ayi, musanalipire kabaza ndi minibasi kupita nayo kwa okonza.

Nanga mumadziwa kuti mpata umene khadi limalowamo pa motherboard umapereka mphamvu yosaposa ma watt 75? Nambala imeneyi isungeni pamtima. Khadi lililonse lofuna mphamvu yoposa pamenepa limafunika waya wina wochokera ku power supply: wa mapini 6 umaonjezera ma watt 75, wa mapini 8 umaonjezera 150. Makompyuta ambiri a kaunjika, ma Dell OptiPlex ndi ma HP amene anatopa m'maofesi a kunja asanafike kuno, alibe mawaya amenewa n'komwe, ndipo power supply yake ndi yaing'ono. Makhadi amene amakhutira ndi mphamvu ya pa mpata pokha alipo. GT 1030 imadya ma watt 30, GTX 750 Ti ya mu 2014 imadya 60, ndipo GTX 1050 Ti ya mu 2016 imafika pa 75. Yerekezani ndi RTX 4090 ya mu 2022, imene yokha imadya ma watt 450. Kwa munthu amene akuyendetsa kompyuta ndi sola, batire ndi inveta, khadi lotero likhoza kugwetsa batire dzuwa lisanalowe. Kunena mosapsatira, sipeya yabwino kuno ndi khadi laling'ono, lakale, losadya magetsi ndiponso lotsika mtengo. Ntchito yake ndi kuyatsa sikirini kuti bizinesi isaime, osati kudabwitsa anzanu.

Kodi mumadziwa kuti khadi likhoza kukhala labwinobwino koma n'kukana kulowa m'bokosi? Makompyuta opyapyala aja amafuna khadi lalifupi lokhala ndi kachitsulo kakafupi kumbuyo, kamene ogulitsa amakatchula kuti low profile. Makhadi ang'onoang'ono ambiri amabwera ndi tizitsulo tiwiri, kakatali ndi kakafupi. Kotsalako musataye. Kamangirireni pamodzi ndi tisikulu take.

Kodi mumadziwa kuti mpata wa PCI Express, umene unayamba kufala cha m'ma 2004, umalandira makhadi akale ndi atsopano omwe? Khadi la m'badwo wachiwiri limagwira ntchito mu mpata wa m'badwo wachinayi, kungoti liwiro limatsatira chochedwacho. Koma makhadi a AGP, mtundu umene Intel inabweretsa mu 1997, salowa m'makina a masiku ano ngakhale mutakankha bwanji. Palinso msampha wina: makhadi ena opangidwa chisanafike chaka cha 2012 sagwirizana ndi kayatsidwe ka UEFI ka ma motherboard atsopano, ndipo amangosiya sikirini ili yakuda. Choncho sipeya imene simunaiyese m'makina anu enieniwo musaidalire.

Kodi mumadziwa kuti bowo la buluu la VGA, limene lili pa masikirini ambiri a m'mashopu athu, linabwera ndi kampani ya IBM mu 1987? Makhadi amphamvu atsopano analisiya kalekale, ali ndi HDMI ndi DisplayPort basi. Kuti sikirini ya VGA igwire ntchito pa HDMI pamafunika kabokosi kosinthira, waya wamba sungathe. Sungani kabokosiko m'thumba limodzi ndi khadi.

Kodi mumadziwa kuti dzanja lanu likhoza kupha khadi osamva kanthu? Magetsi aja amathetheka mukamavula juzi mumdima munthu amayamba kuwamva akafika pa ma volt pafupifupi 3,000, koma tizipangizo tina ta pa khadi timaonongeka ndi mphamvu yosafika ngakhale 100. Vutoli limakula m'miyezi youma, nthawi ya mwera ndi m'chilimwe. Musanagwire khadi, khudzani chitsulo cha bokosi la kompyuta. Ligwireni m'mbali ndi pa kachitsulo ka kumbuyo, osati pa mano agolide. Thumba lonyezimira limene khadi limabweramo linapangidwira zimenezi, ndiye musamupatse mwana kuti aziseweretsa. Jumbo wamba ndiye ayi, chifukwa ndi amene amapanga magetsi omwewo. Thumba lenilenilo likasowa, kulunga ndi pepala n'kuika m'katoni kuli bwino kuposa jumbo.

Mdani wachiwiri ndi chinyezi. M'mbali mwa nyanja, makamaka kuyambira Disembala mpaka Malichi, chitsulo chongokhala chimachita dzimbiri ndipo mabowo a kumbuyo kwa khadi ndiwo amayamba. Timapaketi ta silica gel timene timapezeka m'mabokosi a nsapato zatsopano timayamwa chinyezi. Ponyani tiwiri kapena titatu m'chidebe chotsekeka bwino pamodzi ndi khadilo, ndipo chidebecho chikhale pamwamba, osati pansi pa simenti kapena pafupi ndi malata otentha. Mphemvu, nyerere ndi nalimata zimakonda malo amdima otere, ndipo zitosi zake zimadya tinjira ta kopa ta pa bolodi. (Amene amasunga zipangizo m'chipinda chimodzi ndi matumba a usipa wouma akudziwa kale alendo amene amabwera usiku.)

Kodi mumadziwa kuti sipeya yosiyidwa mkati mwa kompyuta si sipeya? Ena amaika khadi lachiwiri mu mpata wina wa pa motherboard kuti lisasowe. Mphenzi ikagunda, kapena magetsi akabwera mwamphamvu atazima, onse awiri akhoza kupsera limodzi. Tikukumbuka zimene zinachitika namondwe wa Ana ataononga malo opangira magetsi a Kapichira mu Januwale 2022: dziko linataya ma megawatt pafupifupi 130 ndipo magetsi ankazima ndi kuyaka kwa miyezi yambiri. Pa nthawi ngati imeneyo chimene chili m'kabati ndicho chimapulumuka. Ndipo ngati ndalama ikukwana chinthu chimodzi chokha, ine ndingayambe kugula chotetezera magetsi kapena UPS, khadi pambuyo.

Kodi mumadziwa kuti chipangizo chimakalamba ngakhale chikungokhala? Phala lija lili pakati pa chip ndi chitsulo choziziritsa, lotchedwa thermal paste, limauma pakapita zaka. Mafuta a mu fani nawonso amalimba. Khadi logwira ntchito yolemera limatentha kufika madigiri 70 kapena 80, ndiye tangoganizani m'mwezi wa Okutobala ku Mangochi, m'kashopu ka malata, fani itaima. Kamodzi kapena kawiri pa chaka litulutseni, liikeni m'makina, muonere filimu imodzi, muone ngati fani ikuzungulira, kenaka libwezereni m'thumba lake.

Nanga ma driver? Khadi lopanda pulogalamu yake limaonetsa zithunzi zikuluzikulu zosaoneka bwino. Pulogalamuyi imakhala ya ma megabyte mazana angapo, ndipo tsiku la vuto ndi lomwe bandulo ya Airtel kapena TNM imakhala itatha. Ikopereni pa fulashi lero. Dziwaninso kuti Nvidia inasiya kutulutsa ma driver atsopano a masewera a makhadi a m'banja la Kepler, momwe muli GT 710 yofala ija, mu 2021, ndipo Microsoft inasiya kuthandiza Windows 10 pa 14 Okutobala 2025. Makhadiwo akugwirabe ntchito, koma driver yoyenera ndi yofunika kuisunga nokha.

Kodi mumadziwa kuti makhadi ambiri ogwiritsidwa kale ntchito amene ali pa msika anachokera ku "migodi" ya ndalama za pa intaneti? Mu 2017 komanso mu 2021, anthu okumba ndalama ya Ethereum anagula makhadi mwaunyinji mpaka anasowa m'mashopu padziko lonse ndipo mitengo inakwera koopsa. Pa 15 Seputembala 2022, Ethereum inasintha kayendetsedwe kake ndipo kukumba Ethereum ndi makhadi kunatha tsiku lomwelo. Makhadi amene anagwira ntchito usana ndi usiku kwa zaka anathiridwa pa msika. Si onse oipa, koma fani zake zimakhala zotopa. Zunguzani fani ndi chala: ikamagwedera kapena kukhuza, tsitsani mtengo kapena lisiyeni.

Palinso makhadi achinyengo. Akathyali amatenga khadi lakale ngati GTS 450 ya mu 2010, n'kusintha pulogalamu ya mkati mwake kuti kompyuta izilitchula GTX 1050 Ti, kenaka n'kumata chikwangwani chatsopano. Pulogalamu yaulere ya GPU-Z imaonetsa chip chenicheni chimene chili mkatimo, ndipo ambiri mwa makhadi otere imawalemba poyera kuti ndi abodza. Wogulitsa akakana kuti muyese, nyamukani.

Kodi mumadziwa chifukwa chake makhadi atsopano sakutsika mtengo? Kampani ya Nvidia, imene Jensen Huang ndi anzake awiri anaiyambitsa mu 1993 ku California, ndi imene inatchukitsa dzina loti GPU ndi khadi lake la GeForce 256 mu 1999. Mu 2012 akatswiri a pa yunivesite ya Toronto anaphunzitsa pulogalamu yozindikira zithunzi yotchedwa AlexNet pogwiritsa ntchito makhadi awiri okha a masewera, a GTX 580. Kuchokera pamenepo makampani a nzeru za makina akhala akulimbirana ma chip omwewa, mpaka mu Julayi 2025 Nvidia inakhala kampani yoyamba kufika pa mtengo wa madola 4 thiriliyoni. Kwathu kuno onjezerani kugwa kwa kwacha, ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023. Chilichonse cha m'kompyuta chimagulidwa kunja ndi ndalama zakunja, choncho mukasintha khadi, lakalelo musafulumire kuligulitsa motchipa. Kudzaligulanso kudzakupwetekani.

Kodi mumadziwa kuti ntchito zambiri sizifuna khadi lamphamvu n'komwe? Lungwena imadziwika m'mabuku a zaumoyo chifukwa cha kafukufuku wa amayi ndi ana amene akatswiri a College of Medicine ndi anzawo a ku Tampere m'dziko la Finland anayamba kuchita m'zaka za m'ma 1990. Ntchito ya mtundu umenewo, yolemba maina, manambala ndi malipoti, purosesa yokha imaikwanitsa. Ofuna khadi lamphamvu ndi odula mavidiyo aakulu ndi ochita masewera.

Eni malaputopu, nkhaniyi sikukukhudzani. Pafupifupi m'malaputopu onse chip cha zithunzi chinawotchereredwa pa bolodi ndipo sichizulidwa. Sipeya yanu ndi tchaja.

Kodi mumadziwa kuti mu 2022 dziko lonse linataya zinyalala za zipangizo zamagetsi zolemera matani 62 miliyoni, ndipo zosakwana gawo limodzi mwa magawo anayi ndizo zinakonzedwanso moyenera? Khadi lofa musaliotche pofuna kopa, utsi wake ndi poizoni. Musaliponyenso m'nyanja momwe timatungamo madzi ndi kuphamo chambo. Fani yake, kachitsulo ka kumbuyo ndi tisikulu zimagwirabe ntchito, ndipo okonza makompyuta amazifuna.

Pomaliza, mawu kwa inu amene muli ndi m'bale ku Joni ndipo mukufuna akutumizireni khadi. Mphamvu ya magetsi ya ku South Africa ndi yofanana ndi yathu, ma volt 230, kungoti pulagi yawo ndi ya mapini ozungulira pamene yathu ndi ya mapini a makona, ndiye akatumiza kompyuta yathunthu konzekerani kusintha waya. Musangomuuza kuti "undigulire graphics card". Tsegulani bokosi, jambulani mkati mwake, chikwangwani cha pa power supply ndi mabowo a kumbuyo kwa sikirini yanu, mumutumizire zithunzi zitatuzo pa WhatsApp asanapite kukagula.