Kasensa Kakang'ono Kamene Kamateteza Injini Yaikulu

Azakhali anu ndabwera ndi funso. Kodi munaonapo galimoto yakale ya Land Rover, ija yamakonamakona, yonyamula tayala pa boneti? Galimoto zimenezi zinayamba kupangidwa m'chaka cha 1948 ku Solihull, m'dziko la England. Mtundu wina wotchedwa Series III unapangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985. Tawerengani: galimoto ya 1975 ili ndi zaka zingati lero? Mwina ndi yaikulu kuposa bambo anu! Komabe zambiri zikuyendabe, ku England komweko ngakhalenso kuno ku Africa.

Nanga injini ya galimoto yotere ikatopa, eni ake amatani? Ena safuna kuitaya galimoto yawo. Amapita nayo ku galaja. Amakaniko amachotsa injini yakale n'kuikamo ina yamphamvu. Ambiri amakonda injini ya dizilo yotchedwa 200Tdi, imene inatuluka m'chaka cha 1989 m'galimoto ya Land Rover Discovery. Injiniyi imakwera mapiri mosavuta ndipo siimwa mafuta ambiri. Tangoganizani! Kunja galimoto ya agogo, koma pansi pa boneti injini yanyonga. Ntchito ikafika pamenepa, pamatsala kanthu kamodzi kakang'ono koyenera kusamala nako. Tiyeni tikafunefune.

Choyamba, n'chifukwa chiyani injini imatentha? M'kati mwake mumayaka moto! Mafuta ochepa amapsa mofulumira, kambirimbiri pa mphindi imodzi, ndipo mphamvu yake ndi imene imazunguza matayala. Moto umenewu ukanangosiyidwa, zitsulo zikanawonongeka. Choncho m'kati mwa injini muli tinjira ta madzi. Madziwo amatenga kutentha n'kupita nako ku rediyeta, kutsogolo kwa galimoto. Kumeneko mphepo imawaziziritsa, kenako amabwereranso. Amangozungulira choncho ulendo wonse, osapuma.

Kodi injini imakonda kutentha kotani? Thupi lanu likakhala bwino limakhala pa madigiri 37. Injini imagwira bwino ntchito madzi ake akakhala pafupifupi madigiri 90. Tachotserani 37 pa 90. Mwapeza 53? Mwakhoza! Madzi a mumphika amawira akayandikira madigiri 100. Mukuona tsono kuti injini imakhala pafupi kwambiri ndi pamene madzi amawira. Ikangopitirira muyeso, madzi amasanduka nthunzi ndipo mutu wa injini ungapindike. Ndiye dalaivala ayenera kudziwa msanga.

Kodi sangangogwira injiniyo ndi dzanja? Ayi ndithu, angapse! Komanso dzanja limanama. Tayesani izi kunyumba, amayi ali pomwepo. Tengani mabeseni atatu. M'loyamba thirani madzi ozizira, m'lachiwiri ofunda pang'ono, m'lachitatu ofunda bwino ngati osamba. Viikani dzanja lamanzere m'ozizira, lamanja m'osambawo. Werengani mpaka 60. Tsopano ikani manja onse m'beseni lapakati. Mwamva chiyani? Dzanja lina likuti madziwo ndi otentha, lina likuti ndi ozizira. Chonsecho madzi ndi amodzi! N'chifukwa chake galimoto imafuna choyezera chokhulupirika.

Nanga choyezeracho chili kuti? Chili pawiri. Pa injini pali kachitsulo kachikasu, kotalika ngati chala chanu. Amakaniko amakatchula kuti sensa. Mphuno yake imalowa m'madzi otentha aja. Ndiye kutsogolo kwa dalaivala, pafupi ndi chiwongolero, pali geji yokhala ndi kasingano. Mbali imodzi pali chilembo C, kumene kasingano kamakhala injini ikazizira. Mbali inayo pali H, kumene kamapita injini ikatentha kwambiri. Pakati pa sensa ndi geji pali waya mmodzi yekha.

Kodi sensa imauza bwanji geji, poti ilibe pakamwa? Apa ndiye pali zodabwitsa! M'kati mwa sensa muli kanthu kakang'ono zedi. Kakazizira, kamalola magetsi ochepa kudutsa. Kakatentha, kamalola magetsi ambiri. M'kati mwa geji yakale ija muli kachitsulo kopyapyala kokulungidwa ndi waya. Magetsi akachuluka, kachitsuloko kamafunda n'kupindika, ndipo kamakankha kasingano. N'chifukwa chake kasingano ka galimoto yakale kamakwera pang'onopang'ono. Taonani nzeru zake: madzi atentha pansi pa boneti, ndipo kasingano kasuntha pamaso pa dalaivala!

Tsono vuto limabwera pati injini ikasinthidwa? Injini yatsopano imabwera ndi sensa yakeyake. Koma geji ya m'galimoto ndi yakale ija. Awiriwa sanapangidwire limodzi. Tiyeni tisewere kuti mumvetse. Panganani ndi mnzanu: kuwomba m'manja kamodzi ndiye kuti kwazizira, kawiri ndiye kuti zili bwino, katatu ndiye kuti kwatentha. Sewerani kangapo. Kenako itanani mwana wina amene anaphunzira zosiyana, zoti zikakhala bwino aziwomba katatu. Iye akawomba katatu, mnzanu uja afuula kuti, "Kwatentha!" Kodi alipo wanama? Palibe. Kungoti sanapangane. Sensa ndi geji zosiyana zimasokonezana chimodzimodzi.

Kodi zimenezi n'zoopsa? Eya. Nthawi zina kasingano kamathamangira ku H pamene injini ili bwinobwino. Dalaivala amaima pamsewu, mtima uli m'mwamba, popanda chifukwa. Koma choopsa kwambiri ndi china. Kasingano kangakhale pansi, kumaonetsa kuti zonse zili bwino, pamene madzi akuwira. Dalaivala amangopitiriza ulendo akuimba nyimbo. Pomwe adzaone nthunzi, injini yodula ija yawonongeka kale. Kanthu kakang'ono kotsika mtengo kangathe kupulumutsa kapena kuwonongetsa injini yonse.

Nanga makaniko wanzeru amatani? Amasankha sensa potengera geji, osati potengera injini. Amatenga sensa ya geji yakale ija, kapena yatsopano yopangidwira geji yomweyo, n'kuimanga pa injini yatsopano. Njira ina n'kugula geji ndi sensa zatsopano zobwera pamodzi. Lamulo lake ndi limodzi basi: geji ndi sensa zikhale za banja limodzi.

Bwanji sensayo ikakana kulowa pabowo la injini yatsopano? Zimachitika kawirikawiri. Tatengani botolo la pulasitiki, muyang'ane pakamwa pake. Mwaona timizere tozungulira timene chitsekerero chimagwira? Amenewo ndi mazinga. Sensa nayo ili ndi mazinga, ndipo bowo la injini lili ndi ake. Akasiyana, makaniko sakakamiza ndi sipanala, chifukwa angawononge bowolo. M'malo mwake amaikapo kachitsulo kolumikizira kotchedwa adaputala. Kunja kwake kumagwirizana ndi injini, m'kati mwake mumagwirizana ndi sensa.

Kodi akamanga ndiye kuti watha? Ayi, amaonetsetsa zinthu zitatu. Tawerengani nane. Choyamba, mphuno ya sensa ifike m'madzi enieni, isakhale pamene pabisala mpweya. Chachiwiri, sensa ikhudzane bwino ndi chitsulo cha injini. Paja waya ndi mmodzi yekha, choncho magetsi amabwerera ku batire kudzera m'chitsulocho. Akakulunga tepi yambiri pa mazinga, njira ya magetsi imatsekeka. Chachitatu, amaliza injini n'kudikira kuti ifunde. Kenako amayeza kutentha ndi choyezera china chapadera. Chikaonetsa madigiri pafupifupi 90, kasingano nako kakhale chapakati. Zikatero, makaniko amamwetulira. Geji ikunena zoona!

Nanga inu ana muyenera kusamala ndi chiyani? Mverani azakhali anu bwinobwino. Musamatsegule chitsekerero cha rediyeta injini ikatentha. Madzi owira angatumphuke n'kukuwotchani kumaso. Komanso m'madzi a injini amathiramo mankhwala obiriwira, ofiira kapena abuluu. Amaoneka okongola ngati chakumwa, koma ndi poizoni. Musawalawe ngakhale dontho limodzi. Akatayikira pansi, uzani munthu wamkulu, ndipo thamangitsani galu ndi mphaka kuti asanyambite.

Kodi inunso mungadzakhale amakaniko odziwa zinthu zimenezi? Kwambiri! Atsikana ndi anyamata omwe. Chiyambi chake n'kukhala ndi chidwi komanso kukonda masamu ndi sayansi. Ndikupatseni ntchito ya sabata ino. Mukakwera galimoto kapena minibasi, yang'anani kutsogolo kwa dalaivala. Pezani C ndi H. Onani pamene kasingano kali ponyamuka, muonenso pamene kali pofika. Jambulani zimene mwaona m'kope lanu, ndipo mukafotokozere anzanu kusukulu. Pitirizani kufunsa mafunso, ana anga, chifukwa wofunsa ndi amene amaphunzira.