Vinyo Wofiira wa ku Burgundy: Kalawidwe ndi Kasungidwe Kake

Chaka chilichonse, Lamulungu lachitatu la mwezi wa Novembala, amalonda a vinyo amasonkhana mu mzinda wa Beaune ku France. Kumeneko bungwe la Hospices de Beaune, lomwe linayamba ngati chipatala cha osauka m'chaka cha 1443, limagulitsa vinyo wa m'minda yake pa okushoni. Chodabwitsa n'chakuti vinyoyo amakhala wa mphesa zothyoledwa masabata ochepa okha apitawo. Wogula amalipira mgolo wathunthu wa malita 228, atangolawa chakumwa chimene sichinakhwime n'komwe.

Nanga amadziwa bwanji kuti sakutaya ndalama zake?

Dera la Burgundy ndi lozizira, ndipo mphesa yake yofiira, yotchedwa Pinot Noir, ili ndi khungu lopyapyala. N'chifukwa chake vinyo wake safiira kwambiri. Munthu wosazolowera angaganize kuti wathiridwa madzi. Apo ndi polakwika poyamba. Wodziwa sasamala kwenikweni za mtundu. Amathira pang'ono m'tambula, naizunguza kuti fungo lituluke, ndipo amafuna fungo loyera la zipatso zofiira, lopanda kanthu konga vinyo wosasa kapena nguwi. Kenaka amapsontha, nayendetsa m'kamwa monse, n'kulavula.

M'kamwamo amamvetsera zinthu ziwiri. China ndi kuwawasa, kumene kumachuluka chifukwa mphesa za kozizira zimapsa pang'onopang'ono. Chinacho ndi kuuma kwa nkhama, konga kumene amasiya tiyi wokhalitsa m'poto. Kumachokera ku makungu ndi njere za mphesa. Ziwirizi zimapangitsa vinyo wosakhwima kuoneka waukali, komatu ndizo zimene zidzamsunge zaka zambiri. Vinyo wokoma msanga, wopanda msana, kawirikawiri amatheranso msanga. Komabe kuwawasa pakokha si chuma: ngati kukoma kwa zipatso kuzimiririka munthu atangomeza kapena kulavula, zaka sizidzawonjezapo kanthu.

Vinyoyo amakhala m'migolo ya mtengo wa oak kwa chaka kapena chaka ndi theka asanalowe m'mabotolo. Kuchokera pamenepo udindo uli kwa mwini botolo. Mdani wamkulu ndi kutentha. Zipinda za pansi pa nthaka za ku Beaune zimazizira pafupifupi madigiri 12 chaka chonse, ndipo kusasinthaku ndiko kofunika koposa. Botolo losiyidwa pafupi ndi moto kapena pawindo m'dziko lotentha likhoza kuwonongeka pa miyezi yowerengeka, vinyo n'kumamveka ngati zipatso zophika. Ligonekedwe cham'mbali, mumdima, kuti chitsekero chake cha khungwa chisaume n'kulowetsa mpweya.

Tsiku lotsegula limasiyana. Vinyo wamba wolembedwa Bourgogne amwedwe pasanathe zaka zinayi kapena zisanu. Wa minda yotchuka monga Clos de Vougeot akhoza kudikira zaka 10 kapena kuposerapo. Ochenjera amagula mabotolo angapo, namatsegula limodzi pachaka, kuti amve pamene fungo la zipatso layamba kusanduka la bowa ndi masamba ouma.