Kubzala ndi Kusamala Madorofiya Opanda Minga ku Midlands

Alangizi anzathu, ku Zvishavane ndi Mberengwa, madera a migodi m'chigawo cha Midlands ku Zimbabwe, mvula imagwa yochepa ndipo msipu umatha chilimwe chisanathe. Mbewu imodzi yopulumutsa ng'ombe ndi mbuzi nthawi yotere ndi madorofiya opanda minga, omwe akatswiri amawatcha Opuntia ficus-indica. Kwawo ndi ku Mexico. Amapirira chilala chifukwa timabowo tawo topumira timatseguka usiku, kunja kutazizira, motero madzi satayika ambiri.

Pobzala, mlimi adule zikhatho zokhwima za chaka chimodzi kapena ziwiri, aziyanike pamthunzi masiku 7 mpaka 14 kuti chilonda chiume. Chikhatho chobzalidwa chachiwisi chimaola. Kenaka akwirire theka lake m'dothi losasunga madzi, makamaka pamzere wokwera. Kudambo ayi. Ndowe zowolerana zimakulitsa mbewuyi msanga, ndipo mpanda ndi wofunika chifukwa mbuzi zimaimaliza isanakhazikike.

Podyetsa, kumbukirani kuti pafupifupi magawo 90 mwa 100 a chikhatho ndi madzi, ndipo zomanga thupi n'zochepa. Chiweto chikadya madorofiya okhaokha chimatsegula m'mimba. Achekeni, musakanize ndi mapesi a chimanga ndi masangwi a mtedza kapena khobwe.

Machenjezo ndi awiri. Musabzale pamilu ya zinyalala za kumgodi, poti dothi lake likhoza kukhala ndi poizoni. Musawolotsenso malire mitundu yaminga: ina yalanda kale msipu ku Gwanda ndi Beitbridge.