Nambala ya pa Dashibodi ndi Mafuta a mu Thanki



Magalimoto ambiri a masiku ano amaonetsa kanambala kutsogolo kwa dalaivala, monga 13.5 km/L, kutanthauza kuti galimotoyo ikuyenda makilomita 13.5 pa lita imodzi. Ambiri timakakhulupirira. Kholo limawerengera ndalama za ulendo wa kumudzi potengera nambalayo, komiti nayonso imatha kuigwiritsa ntchito popereka ndalama za mafuta a minibasi. Mafuta akatha msanga, maso onse amagwera dalaivala. Tisanamuganizire munthu zoipa, ndi bwino tidziwe kumene nambalayo imachokera.

Pali nambala zitatu zimene timazisokoneza: ya kampani yopanga galimoto, ya kompyuta ya m'galimoto, ndi ya mafuta amene tathiradi pa pampu.

Ya kampani imapezeka m'chipinda choyesera, galimoto ikuzungulitsa matayala pa zigudumu, popanda mapiri, maenje kapena matumba a chimanga, ndipo AC imakhala yozimitsa. Magalimoto ambiri a kuno, ma Vitz, Sienta, Passo ndi Honda Fit, ndi ogwiritsidwapo kale ntchito ochokera ku Japan. Ambiri mwa iwo anayesedwa ndi njira yotchedwa JC08, ulendo wongoyerekeza wa makilomita pafupifupi 8, wa mphindi 20, pa liwiro lapakatikati la makilomita 24 pa ola. Dziko la Japan linasinthira ku njira ina yotchedwa WLTC mu 2018. Ku Ulaya, bungwe la ICCT linapeza kuti mafuta amene magalimoto atsopano amamwa pa msewu ankaposa a pa pepala ndi 9 peresenti mu 2001, koma pofika 2015 kusiyanako kunafika 42 peresenti. Nthawi zina pamakhalanso chinyengo chenicheni: mu Epulo 2016 kampani ya Mitsubishi Motors inavomera kuti inapotoza nambala za timagalimoto pafupifupi 625,000. Choncho nambala ya pa malonda ndi yothandiza poyerekezera galimoto ina ndi inzake, basi. Musawerengere nayo ndalama za ulendo.

Nanga kompyuta ya m'galimoto? Chimene chimadabwitsa ambiri n'chakuti siyeza mafuta odutsa mu paipi monga momwe mita ya madzi imachitira. Imangowerengera. Injini ili ndi timipopi totchedwa ma injector, tomwe timatseguka ndi kutsekeka kambirimbiri pa sekondi kupopera mafuta. Kompyuta ndi yomwe imatilamula, kotero imadziwa kutalika kwa nthawi imene kampopi kalikonse kanali kotsegula. Imachulukitsa nthawiyo ndi mlingo wa mafuta umene kampopi kangwiro kayenera kutulutsa, n'kupeza malita. Mtunda imaupeza powerenga kuzungulira kwa matayala. Kenako imagawa mtunda ndi malita.

Masamu ake ndi olondola, koma atsamira pa zinthu ziwiri zongoganizira. Choyamba, kuti timipopi tikutulutsa ndendende mlingo umene tinkatulutsa tili tatsopano. Galimoto ya zaka 12 imene yamwapo mafuta a m'zigubu ikhoza kukhala ndi timipopi totha kapena totsekeka pang'ono, ndipo kompyuta imapitiriza kuwerengera ngati zonse zili bwino.

Chachiwiri ndi matayala, ndipo apa ndi pamene ambiri kuno timakodwa. Chifukwa cha maenje, anthu amakonda kuika matayala okulirapo kuti galimoto ikwere. Tayala la 175/65 R14 ndi lalitali mamilimita pafupifupi 583, pamene la 185/70 R14 ndi pafupifupi 615. Kusiyana kwake ndi 5 peresenti. Tayala lalikululo likazungulira kamodzi limayenda mtunda wotalikirapo, koma kompyuta imawerengabe ngati ndi laling'ono lija. Mukayenda makilomita 105 iyo imalemba 100. Pamenepa galimoto imaoneka ngati ikumwa kwambiri kuposa momwe zilili, ndipo liwiro limene mukuona limatsika ndi 5 peresenti yomweyo, zomwe apolisi a pamsewu sadzakumverani chisoni nazo. Matayala akakhala a mlingo woyenera, amene amayerekeza nambalayi ndi mafuta a pa pampu kawirikawiri amapeza kuti kompyuta imakometsera pang'ono.

Nambala ina ija yonena makilomita otsala mafuta asanathe ndi yosadalirika kuposa zonse. Imadalira kachinthu koyandama mu thanki komanso mmene mwayendetsera posachedwa. Ngati mwatsika chitunda cha Golomoti, imalonjeza zambiri zimene simudzaziona pokwera.

Njira yodziwira zoona ndi yachikale ndipo imangofuna cholembera. Dzazani thanki mpaka pampu izime yokha koyamba, osauza wothira kuti awonjezere kapena kugwedeza galimoto. Bwezani mita ya ulendo pa ziro. Yendani monga mwa masiku onse. Mukadzathiranso, dzazaninso chimodzimodzi, ngati n'kotheka pa pampu yomweyo. Malita amene alowa ulendo wachiwiriwu ndi amene mwagwiritsa ntchito. Tiyerekeze kuti mwayenda makilomita 420 ndipo alowa malita 35: gawani 420 ndi 35, mupeza 12 km/L. Ngati kompyuta inkanena 13.5, ndiye kuti pa ulendo wa makilomita 620, womwe ndi ngati kuchoka ku Blantyre kupita ku Lilongwe ndi kubwerako, pa pepala mufunika malita 46 pamene galimoto ifuna 52. Malita 6 amenewo sanabedwe ndi munthu. Anasowa pa masamu ulendo usanayambe.

Kuyeza kamodzi sikukwanira, chifukwa pampu siizima pa malo amodzimodzi nthawi zonse, ndipo lita imodzi pa 35 ndi kale 3 peresenti. Yezani katatu kapena kanayi. M'nyengo ya kusowa kwa mafuta, pamene munthu amapatsidwa malita 10 kapena 20 okha, njirayi imagwirabe ntchito: lembani malita onse amene mwathira kuyambira tsiku limene thanki inadzaza mpaka tsiku lidzadzazenso, muwaphatikize, n'kugawa nawo mtunda wonse. Kope laling'ono lokhala m'galimoto, lolembedwa tsiku, nambala ya pa mita ndi malita, pamodzi ndi malisiti, limateteza komiti komanso dalaivala. Ife tikuona kuti galimoto iliyonse yoyendera ndalama za gulu iyenera kukhala nalo.

Ophunzira a masamu, nali funso lanu. Galimoto yayenda makilomita 100 m'tauni pa 10 km/L, kenako ena 100 pa msewu waukulu pa 20 km/L. Ambiri amathamangira kuyankha kuti pakatikati ndi 15. Werengani malita: 10 kuphatikiza 5 ndi 15, ndipo 200 kugawa ndi 15 ndi 13.3. Gawo lomwa kwambiri limakoka yankho kuposa momwe timaganizira. Samalaninso ndi miyezo. Magalimoto a ku Japan amaonetsa km/L, pomwe nambala yaikulu ndi yabwino. A ku South Africa ndi ku Ulaya amaonetsa malita pa makilomita 100, pomwe yaing'ono ndi yabwino. Kuti musinthe, gawani 100 ndi nambalayo, moti 8 L/100 km ndi 12.5 km/L. A ku Britain amanena mamailosi pa galoni, koma galoni yawo ndi malita 4.55 pamene ya ku America ndi 3.79.

Nambala yeniyeniyo imasinthanso mlungu ndi mlungu popanda chovuta chilichonse. Maulendo aafupi injini isanatenthe, matayala ochepa mpweya, katundu wa padenga, AC mu Okutobala ndi liwiro lopitirira 100 zonse zimadya mafuta. Petulo wa kuno amasakanizidwa ndi ethanol wochokera ku nzimbe za ku Dwangwa ndi ku Nchalo, ndipo lita ya ethanol ili ndi mphamvu zochepa kuyerekeza ndi ya petulo, moti iyi ndi mbali inanso imene galimoto siingafikire nambala ya ku Japan. Injini yolira galimoto itaima imamwa mafuta osayenda ngakhale mita imodzi, ndiye pa mzere wodikira mafuta izimitseni.

Chofunika kufufuza ndi kusintha kwadzidzidzi. Ngati kope likuonetsa 12, 11.8, 12.3 kwa miyezi ingapo kenako 9 pa maulendo omwewo, yambani ndi mpweya wa matayala, sefa ya mpweya, mapulagi, mabuleki ogwira ndi paipi yodontha, ndipo pitani nalo kopelo kwa makanika.